Ndapeza tramadol wa apongozi m'thumba la mwana wanga

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba. Ndaifupikitsa, ndipo ndachotsamo zonse zimene zingamuulule mwanayo.

"Adokotala, mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 16, ali Folomu 3. Chiyambireni chaka chino wasintha. Akaweruka kusukulu amangogona mpaka kuda, nsima amangoinyema pang'ono, masiku ena amalankhula ngati lilime lamulemera koma sanunkha mowa. Sabata yatha ndikuchapa ndinapeza m'thumba la buluku lake timapepala ta mapiritsi, tina tolembedwa tramadol, tina diazepam. Tramadol ndinamuzindikira, ndi wa apongozi anga amene tikukhala nawo, amavutika ndi msana. Diazepam sindikudziwa kumene wamutenga. Kuseri kwa bafa ndinapezanso mabotolo atatu a mankhwala a chifuwa, opanda kanthu. Bambo ake akuti amukwapule kenako amutumize kwa amalume ake ku Jali. Azakhali ake akuti walodzedwa. Ine mumtima ndimati bola si chamba, ndi mankhwala akuchipatala, komabe tulo sindikuona. Kodi mankhwala akuchipatala angamugwire munthu? Ndingowataya onse asiye lero lomwe? Ndikapita naye kuchipatala, sakamutsekera ku Mental?"

Mayi, mtima ukhale pansi kaye. Mwana wanu sanatayike. Pa zaka zoposa 20 zimene ndathandiza odwala maganizo ndi anthu ogwidwa ndi mowa kapena mankhwala, makolo ambiri ndinakumana nawo mwana atagwa kale, atabwera naye ali chikomokere, mayi chitenje chili m'manja akulira pakhonde. Inu mwaona mwana akuyendabe, akupitabe kusukulu, akugonabe m'nyumba mwanu. Mwawerenga zolembedwa pa timapepalato ndipo mwafunsa. Mwayamba bwino.

Koma mawu aja akuti "bola si chamba" ndiwakane msanga. Ndimawamva kwa makolo, ndipo ana eni akewo amadzitonthoza ndi mawu omwewo. Chamba ndi choipa, ndaona anyamata ambiri chitawasokoneza mutu. Komabe chamba pachokha sindinachionepo chitamuletsa munthu kupuma ali m'tulo. Tramadol, diazepam ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, amene ndi wa mtundu umodzi ndi tramadol, akakumana m'thupi limodzi amatha kuchita zimenezo usiku umodzi wokha.

Ndiyambe ndi funso lakuti muwataye onse asiye lero lomwe, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona moyo. Mapiritsi mwapezawo asabwerere m'manja mwake, pamenepo tagwirizana. Koma musawaponye m'chimbudzi, tidzafuna kuwaona, ndipo musamutsekere mwana m'chipinda kuti asiye mokakamiza inu muli phee kudikira. Simukudziwa kuti anayamba liti, simukudziwanso kuti amamwa angati pa tsiku, ndipo tsiku loyamba sakuuzani zonse. Mwawaonapo anyamata otsika ndi nkhuni panjinga kuchokera ku Chawe, momwe amagwirira mabuleki njira yonse. Diazepam ndi mabuleki otero pa ubongo. Ngati mwana wakhala akumwa tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, ubongo wake waphunzira kukankha mwamphamvu polimbana ndi mabulekiwo. Mukawamasula kamodzin'kamodzi pamtsetse, chotsatira chake ndi kunjenjemera, thukuta, mantha aakulu, kusowa tulo, kuona zinthu zoti palibe, ndipo ena amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Chonyenga chake n'chakuti diazepam amachedwa kutuluka m'thupi. Tsiku loyamba ndi lachiwiri mwana amaoneka bwinobwino, pabanja n'kumati zatheka, mavuto n'kudzatulukira patapita masiku angapo, mwina pafupifupi sabata. N'chifukwa chake ife kuchipatala sitidula mwadzidzidzi. Timatsitsa mlingo pang'onopang'ono kwa masabata, mapiritsiwo akusungidwa ndi kholo, mwana akulandira a tsiku limenelo okha.

Tramadol ndi codeine kusiya kwake sikupha kawirikawiri, koma kumazunza. Tsiku lisanathe chimwereni komaliza munthu amayamba kuyasamula kosalekeza, mamina chuchuchu, mafupa kuphwanya, kutsekula m'mimba, miyendo yosakhazikika pamphasa. Makolo ambiri amati ndi malungo n'kuthamangira LA. Zimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kumazilala sabata ikamatha. Choopsa chenicheni chimabwera pambuyo pake. Thupi likakhala masiku osalandira limaiwala chizolowezi chija, ndiye mwana akabwerera n'kumwa mlingo womwe ankamwa kale, umene unkangomugoneka tsopano ukhoza kumupha. Ana amene atumizidwa kumudzi kwa mwezi n'kubwerako ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri pa chifukwa chimenechi.

Choncho pitani naye kuchipatala mawa m'mawa. Musadikire kuti sukulu itsekere.

Usiku uno mukamusuzumire akagona. Wogona tulo wamba ukamugwedeza amatembenuka, amang'ung'udza, amatsegula maso. Mukamuitana, kumugwedeza, ngakhale kumutsina koma osadzuka; mukamva mkonono wachilendo wonga wa munthu wotsamwa; mukawerenga mpweya wake pa mphindi imodzi n'kupeza kuti sakufika ka 10, pamene munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20; milomo ndi zikhadabo zikachita mbuu; kadontho kakuda ka pakati pa diso kakachepa ngati nsonga ya singano, musadikire kuti kuche. Mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, pezani galimoto iliyonse, thamangirani ku Zomba Central Hospital timapepala ndi mabotolo aja muli nawo. Musamumwetse mkaka, mazira aawisi kapena madzi a mchere. Ndikudziwa kuti tinakula nazo zimenezi, munthu akamwa chiphe timathamangira mkaka, koma woti sakudzuka chilichonse chothiridwa m'kamwa mwake chimalowera kumapapo. Pali jakisoni wotchedwa naloxone amene amathandiza kubweza kupuma kwa munthu woledzera ndi mankhwala a mtundu wa codeine ndi tramadol, palinso njira zomuthandizira kupuma, koma zonsezi zimafuna kuti afike msanga. Akagwa n'kumaphupha musamulowetse supuni m'kamwa, ingomutetezani mutu. Musaope kumukhudza, kugwa kotere sikupatsirana.

Tsopano ndikuuzeni za mankhwala mwapezawo, kuti mukamalankhula ndi bambo ake mukhale ndi poyambira.

Tramadol ndi wa banja limodzi ndi morphine, mankhwala amphamvu oletsa ululu. Ndi mankhwala abwino kwa apongozi anu, amene ululu wawo dokotala anauyeza n'kuwapimira mlingo. Kapisozi wodziwika amakhala wa 50 mg, ndipo ngakhale wodwala wamkulu sitimulola kupitirira 400 mg pa tsiku. Wachinyamata wopanda ululu akamwa, poyamba amamva kufunda m'thupi, nkhawa zimapepuka, ena amamva ngati apeza mphamvu. Pakapita masabata piritsi limodzi silimufikanso, amafuna awiri, kenako anayi. Pamenepo sakumweranso kuti amve kukoma, akumwera kuti asadwale. Chibaba chake n'choposa cha fodya. Tramadol alinso ndi khalidwe lake loipa: amagwetsa anthu ngati akhunyu, ngakhale amene sanagwepo chibadwire, makamaka mlingo ukakwera kapena akakumana ndi mankhwala ena monga amitriptyline, wa matenda okhumudwa. Yang'anani nambala yolembedwa pa timapepalato. M'maiko monga Nigeria ndi Ghana, kumene vutoli linakula kwambiri, mumayenda mapiritsi ozembetsedwa a 225 mg. Mukapeza nambala ngati imeneyo, dziwani kuti sanachokere m'chikwama cha agogo, pali wina akumugulitsa.

Mabotolo aja muwatole, muwerenge zolembedwa timalemba ting'onoting'ono. Si mankhwala onse a chifuwa amene ali ndi codeine, ngakhale kuti enawo nawonso amaledzeretsa ndi kuvulaza munthu akamagugudiza botolo lonse. Codeine akalowa m'thupi, chiwindi chimamusandutsa morphine. Pali anthu ena amene chiwindi chawo chimachita zimenezi mofulumira kuposa anzawo, ndipo pa maso sungawadziwe. N'chifukwa chake anyamata awiri akhoza kugawana botolo limodzi, wina n'kungoseka, mnzake osadzukanso. Amakondedwa chifukwa ndi otsekemera, ndipo akawathira m'botolo la chakumwa chozizira mwana amayenda nalo poyera, aphunzitsi osadziwa kanthu. Dziko la Nigeria linaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine m'chaka cha 2018 litaona momwe akuonongera achinyamata. Dziwaninso kuti mapiritsi ena a codeine amaphatikizidwa ndi paracetamol, yemwe tonse timangoti panado. Wofuna kuledzera akamwa ambiri, panadoyo amawotcha chiwindi mwakachetechete. Munthu amaoneka wabwino masiku awiri, lachitatu maso achita chikasu. Mukadzamva kuti wamwa ochuluka nthawi imodzi, pitani naye tsiku lomwelo ngakhale akuseka n'kumati ali bwino.

Lilime lolemera lija ndi tulo ta masana zikundiuza za diazepam, amene ena amamudziwa kuti Valium. Ameneyu tapulumutsa naye ana ambiri okomoka ndi malungo aakulu, sindingamunyoze. Koma wa nkhawa kapena wosowa tulo timamupatsa kwa masabata awiri, osapitirira anayi, chifukwa amagwira msanga. Kwa mwana wasukulu amaba chinthu chimene akuchifuna kwambiri, kukumbukira. Amawerenga usiku, m'mawa m'mutu muli mbee. Mwina mwaona kale pa lipoti la teremu yatha. Kumene wamutenga kungakhale kwa mnzake amene kwawo kuli wodwala. Mabanja ambiri kuno ali ndi m'bale wolandira mankhwala mwezi ndi mwezi, a khunyu monga phenobarbitone, kapena Artane amene timapereka kuti odwala maganizo asaume khosi ndi manja chifukwa cha mankhwala awo ena. Artane nayenso anyamata amamusaka. Chimandiwawa n'chakuti akabedwa, wodwala weniweni uja ndi amene amatsala akuvutika, abale n'kumati matenda akula.

Pamwamba pa zonsezi wina amathirapo kachasu kapena timabotolo tija ta mowa waukali. Mowa, tramadol, codeine ndi diazepam zonse zikupondereza malo amodzi mu ubongo, amene amatikumbutsa kupuma tikagona. Ndipo poti muli ndi ana ena m'nyumbamo, ndinene mwachidule kuti atsikana nawonso ali ndi awo. Ena amamwa dexamethasone kapena cyproheptadine kuti anenepe. Dexamethasone amatupitsa nkhope, amakweza shuga, amafooketsa chitetezo cha thupi, ndipo nayenso sasiyidwa mwadzidzidzi.

Funso limene simunafunse, koma ndi limene ine ndingayambire mwana wanu atakhala patsogolo panga, ndi ili: akuchiza chiyani?

Ndikutero chifukwa ana ambiri amene ndawaona sanayambe pofuna kuledzera. Ndikukumbukira mnyamata wina wa zaka 17 amene bambo ake anamwalira mwadzidzidzi. Pamaliro akuluakulu anamuuza kuti ndiwe mwamuna, limba mtima, uwalimbitse amayi ako. Sanalire. Mayi ake anapatsidwa diazepam wa masiku ochepa kuti azigona, otsala anawasiya pawindo. Mnyamata uja atatha mwezi osaona tulo anamwa piritsi limodzi, n'kugona koyamba chimwalirireni bambo ake. Anabwera kwa ife patatha pafupifupi chaka, abale akumutchula chidakwa. Titakhala naye kachitatu ndi pamene analira maliro aja. Wina ankachita ganyu yokweza mchenga mumtsinje wa Likangala Loweruka lililonse kuti apeze ya fizi, msana ukamuwawa akuluakulu a pamchengapo ankamugawira tramadol. Ena ndi mantha a mayeso, akuti amwe kuti achezere kuwerenga, kenako amwe china kuti agone. Ena akuvutitsidwa kusukulu, ena kunyumba kuli ndewu usiku uliwonse, ena anachitidwa zinthu zimene sanauzepo munthu. Alipo ndithu ongotengera anzawo, koma ngakhale iwowo amene amakakamira ndi uja amene mankhwalawo amuziziritsa penapake pamene pamamuwawa.

Ifenso akuluakulu tili ndi mbali yathu, ndipo sindikunena inu nokha, ndikunena tonse. M'nyumba zathu mankhwala timagawana ngati mchere. Mutu ukamuwawa mlendo timapisa m'kabati, otsala a chaka chatha timasunga m'kachitini, mnansi akadwala timati imwani awa anandithandiza ine. Mwana amakula akuona kuti piritsi ndi chinthu chimene munthu amadzipatsa yekha. Ndiye chamba amachiopa, chimanunkha, chimamangitsa. Piritsi ndi loyera, lili m'pepala losindikizidwa bwino, agogo amamwa tsiku lililonse. Onjezanipo kuti mbali ya ubongo imene imamuuza munthu kuti ima kaye, ganiza, imamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25. Wa zaka 16 thupi ndi la bambo, koma chomuletsa m'mutu chikadali chanthete, n'chifukwa chake amagwidwa msanga kuposa wamkulu.

Za mkwapulo, bambo ake ndikuwamvetsa. Ndi mantha amene avala mkwiyo. Koma muwauze kuti ine pa zaka zonsezi sindinaonepo chibaba chotuluka ndi chikoti. Chimene chikoti chimaphunzitsa ndi kubisa bwino. Ulendo uno mwapeza timapepala m'thumba chifukwa sanali kukuopani kwenikweni. Akakwapulidwa simudzapezanso kanthu, azikamwera kutali, ndipo tsiku limene adzalephere kupuma adzakhala ali m'chinyumba chosatha, pakati pa anzake amene adzathawa poopa apolisi. Kumutumiza ku Jali panopa sindikuvomerezanso. Mwamva kale za kusiya diazepam mwadzidzidzi, ndiye taganizani zimugwere usiku ali kutali ndi chipatala chachikulu, amalume osadziwa n'komwe chimene chikuchitika. Mankhwalanso pa misika ya kumidzi amapezeka. Amalumewo muwagwiritse ntchito mwanjira ina: abwere kuno, akhale naye pansi ngati mwinimbumba, amuperekeze kuchipatala. Anyamata ambiri amamasuka kwa amalume kuposa kwa bambo awo.

Azakhali musakangane nawo, nawonso akufuna mwana achire. Ingowaonetsani timapepalato. Chimene chamusintha mwanayu chili ndi dzina ndi nambala, mwachigwira ndi manja anu. Kupemphera pempherani, abusa kapena ashehe amene mwanayo amawakhulupirira angathandize kwambiri. Chimene ndikukupemphani n'chakuti asamwetsedwe zitsamba zosanzitsa kapena kusalitsidwa kudya masiku, chifukwa chiwindi chake mwina chatopa kale.

Polankhula naye sankhani nthawi imene ali bwinobwino, osati lilime litalemera. Pasakhale azibale ake, pasakhale bwalo la milandu. Ikani timapepalato pamphasa, munene zimene mwaona basi: ndapeza izi, ndaona ukugona masana, ndili ndi mantha kuti ndikutaya. Adzakana, kapena adzati ndi za mnzanga anandisungitsa. Musalimbane naye kuti avomere. Muuzeni kuti kaya ndi zake kaya si zake, mawa mukupita limodzi kuchipatala chifukwa thupi lake lasintha. Akayamba kumasuka, funsani zimene dokotala adzafune kudziwa: anayamba liti, amamwa angati, anamwa komaliza liti, amaphatikiza ndi mowa kapena chamba, ali ndi ngongole kwa munthu. Kenako mufunse kuti akamwa chimasintha n'chiyani, ndipo mukafunsa mukhale chete, ngakhale yankho likubayeni. Likhoza kukhudza inu kapena bambo ake.

Pali funso lina lolemera limene makolo amaliopa, koma lifunseni mosazungulira: kodi unaganizapo zodzipha? Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Amene anali nawo kale amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akati inde, kapena mukapeza kuti akuunjika mapiritsi, musamusiye yekha ngakhale pang'ono, chotsani mankhwala onse pamodzi ndi a mbewu ndi a makoswe, ndipo pitani naye tsiku lomwelo.

Tsopano za ku Mental. Ife a ku Zomba dzinali tinakula tikuopsezedwa nalo, ndipo mantha amenewa achedwetsa mabanja ambiri. Zomba Mental Hospital ndi chipatala ngati zina, kumene boma limatumiza odwala maganizo ochokera m'zigawo zonse, ndipo inu muli ndi mwayi kuti akatswiri ake ali pafupi, pamene ena amachokera ku Nsanje kapena ku Mchinji. Koma si kuti mwana aliyense womwa mapiritsi amagonekedwa. Ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba, kubwera pa tsiku loikika, sukulu ikupitirira. Timagoneka amene wamwa mlingo woopsa, amene wagwapo, amene akufuna kudzivulaza, kapena amene mutu wasokonekera moti sakudziwa chimene akuchita, ndipo kumakhala kwa nthawi yoti apole. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, monga cha Matawale, kapena ku Zomba Central Hospital. Tengani kabuku kake ka kuchipatala, timapepala tonse ndi mabotolo. Mukafika nenani zoona zake, musati akungomva mutu, ndipo pemphani kuonana ndi namwino kapena dokotala wa za maganizo. Adzamuyeza thupi, adzafufuza ngati pansi pake pali matenda a nkhawa kapena okhumudwa, adzakonza za katsitsidwe ka mankhwala, ndipo adzafuna kucheza naye payekha. Mukapemphedwa kutuluka musakhumudwe, pali zimene mnyamata sanganene mayi ake ali pomwepo. Ngati mwana akufuna kulankhula ndi munthu wosamudziwa, nambala ya 116 ndi yaulere, imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba, ndipo inunso mukhoza kuimba. Zikadzafuna chithandizo chotalikirapo, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala.

Ndikuchenjezeretuni kuti akhoza kudzaterereka. Patatha miyezi iwiri zikuyenda bwino mudzapezanso kapepala. Tsiku limenelo mtima udzasweka, bambo ake adzati ndinanena ine. Musadzati zonse zapita pachabe. Ambiri amene ndawaona atasiyiratu anagwapo kamodzi kapena kawiri panjira. Mudzabwerere naye kuchipatala sabata yomweyo, ndipo mudzamukumbutse zija ndanena, kuti thupi lake silingapirirenso mlingo wakale. Masana amene ankagona aja afunika kudzazidwa ndi kanthu, kaya mpira, kaya kwaya, kaya kuthandiza amalume ntchito ya manja, chifukwa chibaba chimakonda munthu amene wangokhala.

Akakuuzani kumene amagula, musapite kukachita ndewu. Tramadol ndi diazepam saloledwa kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala, ndipo pa benchi la mumsika kapena mu okala si malo ake n'komwe. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa mankhwala ndipo lili ndi mphamvu zowalanda. Mukhoza kukanena kumeneko, kupolisi, kapena kuuza a kuchipatala kuti akuthandizeni kufikitsa nkhaniyo. Makolo a mnzake amene amamwa naye muwauze mwaulemu, pambali, mwana wanu atayamba kale chithandizo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwina mayi winayo sanapisebe m'thumba.

Lero lomwe sonkhanitsani mankhwala onse a m'nyumba, a m'kabati, a pawindo, a m'zikwama. Otha ntchito ndi otsala mupite nawo kuchipatala kapena ku famase kuti akawataye moyenera. Ofunika muwatsekere m'bokosi la loko, kiyi muziyenda naye pa chitenje, ndipo muziwerenga mapiritsi n'kulemba m'kope.

Apongozi anu muwafikire mofatsa. Agogo ambiri amadziwa kuti mdzukulu akuwatengera mankhwala koma amamubisira, ena amachita kumupatsa okha akadandaula mutu, mwa chikondi. Musawachititse manyazi. Afunseni kuti mapiritsi awo akhala akutha liti, chifukwa ngati mnyamatayu wakhala akuwatapa kuyambira Januwale, ndiye kuti mayi okalambawo akhala akugona ndi msana wowawa theka la mwezi uliwonse osauza munthu, mwinanso kuchipatala akuwadabwa kuti bwanji akumaliza msanga. Mawa mukamapita ndi mwana, tengani kabuku kawo nawonso, dokotala akaone ngati tramadol akadali woyenera kukhala m'nyumba mwanu kapena pali china chimene angawapatse.